Chimbale chomwe America idachinyalanyaza: nkhani ya Cold Fact ndi ndalama zomwe zidasowera panjira

Mu Malichi 1970, kampani yaing'ono ya nyimbo ya Sussex Records ku America idatulutsa chimbale cha nyimbo 12 chotchedwa Cold Fact. Woimba wake adali Sixto Rodriguez, mnyamata wa zaka 27 wa mumzinda wa Detroit. Chimbalecho sichidayende malonda. Nyumba zoulutsira mawu sizidachilabadire, ndipo zaka ziwiri zisanathe kampaniyo idathetsa mgwirizano wake ndi woimbayo.

Rodriguez adabwerera ku ntchito zamanja, kugwetsa ndi kukonza nyumba zakale. Chomwe sankadziwa n'chakuti kutsidya la nyanja, ku South Africa, chimbale chomwechi chinkagulidwa ngati mchere. Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti m'dzikolo mudagulidwa makope pafupifupi 500 000 a nyimbo zake. Kwa zaka zoposa 25, mwini mawuwo sadamve za kutchuka kwake kumeneko, ndipo ndalama za malondawo sizidamufike.

Zingatheke bwanji kuti munthu atchuke m'dziko lathunthu iye osadziwa? Yankho lake lili m'mene malonda a nyimbo amayendera kuchokera mu situdiyo kufika m'manja mwa wogula, komanso m'mene ndalama zimayendera ulendo wobwerera.

Mwana wachisanu ndi chimodzi

Rodriguez adabadwa pa 10 Julayi 1942 m'banja la anthu ochokera ku Mexico omwe adapita ku Detroit kukasaka ntchito. Adali mwana wachisanu ndi chimodzi, ndipo dzina loti Sixto lidachokera pamenepo. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka zitatu.

Detroit wa masiku amenewo adali mzinda wa mafakitale a galimoto komanso kwawo kwa kampani yotchuka ya Motown. Udalinso mzinda wa umphawi ndi mkwiyo. Mu Julayi 1967 mudabuka zipolowe zomwe zidaphetsa anthu 43. Nyimbo za Rodriguez zidamera m'nthaka imeneyi. Ankaimba za ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, andale achinyengo, mabanja osweka ndi moyo wa anthu a m'makwalala.

Chaka chomwecho cha 1967 adatulutsa nyimbo imodzi kudzera ku kampani ya Impact Records ya Harry Balk, yomwe idalemba dzina lake kuti Rod Riguez. Nyimboyo sidapite patali. Kenaka akatswiri awiri ojambula nyimbo, Mike Theodore ndi Dennis Coffey, adamupeza akuimba m'bala ina ya m'mbali mwa mtsinje wa Detroit, atafulatira anthu. Adachita chidwi ndi mawu a nyimbo zake, ndipo adamulumikiza ndi Clarence Avant, yemwe adali atangokhazikitsa kumene kampani ya Sussex mu 1969.

Cold Fact idajambulidwa chaka chomwecho ku Detroit. Sichidali chimbale chongothamangitsa. Coffey, yemwe adaimbamo gitala, ndi Bob Babbitt, yemwe adaimba besi, adali m'gulu la akatswiri omwe ankaimba zida pa nyimbo za Motown. Chomwe chidatuluka ndi nyimbo za rock zosakanikirana ndi chamba cha folk, zotsamira pa gitala ya mwini wake ndi mawu aukali. Ambiri omwe adazimva adamuyerekeza ndi Bob Dylan.

Chidalakwika n'chiyani?

Masiku amenewo, chimbale chinkayenera kudutsa pa zipata zitatu chisanafike kwa wogula: wailesi, ogawa zimbale m'masitolo, ndi maulendo a woimba okaonekera kwa anthu. Cold Fact idapunthwa pa zipata zonse zitatu.

Chipata choyamba chidali wailesi. Mawailesi akuluakulu a ku America ankafuna nyimbo zazifupi, zosavuta kuloweza komanso zosakhumudwitsa otsatsa malonda. Nyimbo yotsegulira chimbalechi, Sugar Man, imakamba za munthu wogulitsa mankhwala osokoneza bongo ndipo imatchula mankhwalawo mayina. Ina, I Wonder, imakhudza nkhani za kuchipinda mosabisa. Nyimbo ziwirizi, zomwe n'zimene zinkakoka khutu msanga, zidali zovuta kuti mkulu wa mapulogalamu pa wailesi azivomereze.

Panalinso nkhani ya mtundu. Mawailesi ndi misika ya nyimbo ku America zidali zogawikana: kwina nyimbo za soul zolunjika kwa anthu akuda, kwina rock yolunjika kwa azungu. Rodriguez, mwana wa anthu a ku Mexico woimba nyimbo zofanana ndi za Dylan pansi pa kampani ya munthu wakuda, sankakwanira bwino mbali iliyonse.

Chipata chachiwiri chidali kagawidwe ka zimbale. Sussex idalibe njira yakeyake yofikitsira katundu m'masitolo. Inkadalira kampani ina, Buddah Records, yomwe inkadziwika ndi nyimbo zopepuka za achinyamata komanso kugulitsa nyimbo za makampani a soul monga Curtom ya Curtis Mayfield. Kampani yogawa imakhala ndi zimbale zambiri nthawi imodzi, ndipo imaika mphamvu pa chomwe chayamba kale kuyenda. Kuwonjezera apo, masitolo ankaloledwa kubweza zimbale zomwe sizidagulidwe. Chimbale chikakhala milungu ingapo pa shelefu osasuntha, chinkabwerera komwe chidachokera, ndipo mpata wake unkatengedwa ndi china.

Kuti Sussex inkatha kugulitsa nyimbo zidaoneka posakhalitsa. Mu 1971 idatulutsa Ain't No Sunshine ya Bill Withers ndi Scorpio ya Dennis Coffey yemwe uja, ndipo zonse zidagulidwa kwambiri. Mu 1972 Lean on Me ya Withers idafika pa nambala 1 ku America. Izi zidali nyimbo za soul ndi funk, msika womwe kampaniyo inkaudziwa bwino. Pa nyimbo za rock idalibe odziwana nawo okwanira.

Chipata chachitatu chidali mwini wake. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Rodriguez adali munthu wofatsa, wosakonda kudzionetsera, ndipo chizolowezi chake choimba atafulatira anthu sichinkathandiza pa malonda. Sadayende m'mizinda ya America kukalengeza chimbale chake monga ankachitira anzake.

Sussex idamupatsabe mwayi wachiwiri. Idamutumiza ku London komwe adajambula chimbale china, Coming from Reality, mothandizidwa ndi Steve Rowland. Chidatuluka mu Novembala 1971, nacho osayenda. Kumapeto kwa chaka chomwecho mgwirizano udatha. Mu 1975 Sussex nayo idagwa, itamira m'ngongole kuphatikizapo ya msonkho wa boma.

Moyo wachiwiri kum'mwera kwa Africa

Cold Fact idatulutsidwa ku South Africa mu 1971, ndipo idakagwa m'dziko lomwe boma la tsankho linkayang'anira chilichonse chomwe anthu ankawerenga ndi kumvera. Dzikolo lidalibe ngakhale wailesi ya kanema kufikira 1976. Wailesi ya boma ya SABC idaletsa nyimbo ya Sugar Man. Ogwira ntchito kumeneko ankakanda malo a nyimboyo pa chimbale ndi chitsulo chosongoka kuti muulutsi asayerekeze kuiika.

Zinthu zomwe zidatsekereza chimbalechi ku America ndi zomwe zidachikweza kuno. Kwa achinyamata omwe adakulira m'malamulo okhwima a boma ndi a mpingo, kumva munthu akuimba momasuka za chinyengo cha olamulira ndi nkhani zomwe kwawo zidali zoletsedwa chidali chinthu chachilendo. Kuletsedwa pa wailesi kudangowonjezera chidwi. Chimbalecho chidafala kudzera mwa anthu okhaokha, m'masukulu aukachenjede, m'maphwando, komanso pakati pa anyamata omwe ankakakamizidwa kulowa usilikali, omwe ankajambulirana pa makaseti. Chidafikanso ku Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, ndi ku Botswana.

Ndi bwino kunena mosapsatira kuti omwe ankagula kwambiri nyimbozi adali azungu. M'makomboni a anthu akuda munkamveka nyimbo zina, monga mbaqanga, jazz, soul ndi reggae. Rodriguez sadali liwu la nkhondo yomenyera ufulu. Gawo lake lidali lakuti adathandiza ana ena a azungu kuyamba kukayikira dongosolo lomwe linkawakondera. Oimba ena a Chiafrikaans a gulu la Voëlvry, lomwe mu 1989 lidayenda m'dzikolo likuimba nyimbo zodzudzula boma, adanenapo kuti Rodriguez adali mmodzi mwa omwe adawatsegula maso.

Popeza za moyo wake sizinkadziwika, mphekesera zidatenga malo. Kandimverere adakanena za m'maluwa: ena ankati adadziwombera pamaso pa anthu akuimba, ena ankati adadziotcha, ena ankati adafera m'ndende. Pomwe izi zinkakambidwa, mwini wake adali ku Detroit, m'nyumba yakale yomwe adagula pa mtengo wa madola 50 pa malonda a boma. Mu 1981 adalandira digiri ya filosofi pa Wayne State University, ndipo adapikisanapo pa mipando ya ndale kuphatikizapo wa umeya wa Detroit, osapambana.

Ndalama zimayenda bwanji?

Kuti timvetse komwe ndalama zidasowera, tiyenera kudziwa kuti nyimbo iliyonse yojambulidwa imakhala ndi umwini wa mitundu iwiri.

Woyamba ndi umwini wa chojambulidwacho, kutanthauza mawu ndi zida momwe zidamvekera mu situdiyo tsiku lojambula. M'migwirizano yambiri ya nthawi imeneyo, mwini wake inkakhala kampani yomwe idalipira situdiyo. Woimba ankalonjezedwa kagawo kochepa pa chimbale chilichonse chogulidwa, ndalama zomwe oimba amazitcha ma royalty. Koma kagawoko sankakalandira msanga. Kampani inkayamba yabweza ndalama zomwe idawononga pojambula ndiponso zomwe idapatsiratu woimbayo, ndipo inkazichotsa pa kagawo kake komweko. Woimba yemwe zimbale zake ziwiri zalephera ankaoneka m'mabuku a kampani ngati wangongole.

Wachiwiri ndi umwini wa nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi kamvekedwe kake monga momwe wopeka adaipekera. Uwu umayendetsedwa ndi kampani yosindikiza nyimbo, yomwe imatolera ndalama chimbale chikapangidwa kapena nyimbo ikaulutsidwa, n'kugawana ndi wopeka. Mabungwe otolera ndalama za opeka, monga SAMRO ku South Africa kapena COSOMA kuno kwathu, amalipira potsatira dzina lomwe lidalembetsedwa pa nyimboyo.

Chimbale chikapita kunja, nthawi zambiri chinkapita pa chilolezo. Kampani ya m'dziko linalo inkapempha chilolezo kwa mwini chojambulidwa, n'kumapanga ndi kugulitsa zimbalezo kwawo. Malipiro inkatumiza kwa yemwe adapereka chilolezocho, chifukwa ndiye yemwe idasainirana naye. Woimba sadali mbali ya mgwirizanowo. Kuti adziwe kuti zimbale zake zagulidwa zingati ku Johannesburg kapena ku Durban, ankadalira lipoti lochokera ku kampani yake. Kampaniyo ikangokhala chete, kapena ikagwa monga idachitira Sussex, woimba analibe khomo lina logogoda.

Umu ndi momwe zidakhalira ndi Cold Fact. Ku South Africa chimbalechi chidadutsa m'manja mwa makampani angapo pa zaka zonsezo, ndipo panalinso makope ambiri achinyengo omwe sadalipire aliyense. Mu filimu ya Searching for Sugar Man, akuluakulu ena a makampaniwo adafotokoza kuti ankatumiza malipiro ku America, kwa eni chilolezo. Avant, atafunsidwa mu filimu yomweyo, adapsa mtima. Adayamikira luso la Rodriguez, koma pa za ndalama adakumbutsa wofunsayo kuti kampani yake idatha kalekale ndipo mgwirizano womwe ankaufunsawo udali wa 1970. Filimuyo sidafike pogamula kuti ndalamazo adadya ndani.

Palinso mfundo ina yomwe idasokoneza nkhaniyi. Pa chimbale cha Cold Fact, nyimbo zingapo zidalembedwa kuti adapeka ndi Jesus Rodriguez, dzina la m'bale wake wa woimbayo, pomwe zina zidalembedwa dzina loti Sixth Prince. Mu 2014 kampani ya Gomba Music ya Harry Balk idakasuma kubwalo la milandu ku Michigan. Idati Rodriguez adali atasaina nayo mgwirizano woti nyimbo zonse zomwe angapeke zikhale pansi pake, ndipo mayina enawo adaikidwa dala kuti nyimbozo zipite ku kampani yosindikiza ya Avant. Mbali ya Avant idakana kulakwa, n'kuloza chala Rodriguez mwini wake. Mfundo yomwe mlanduwu udaonetsa poyera n'njakuti mnyamata uja adasainapo mapepala ndi anthu osiyanasiyana, ndipo patapita zaka zoposa 40 mapepalawo ndi omwe ankalamula komwe ndalama zipite.

Australia idasonyeza kuti zikadatheka

Nkhani ya Rodriguez imakambidwa nthawi zina ngati kuti dziko lonse lidamuiwala kufikira anthu a ku South Africa atamupeza. Sizidali choncho kwenikweni. Ku Australia, kampani ya Blue Goose Music idatenga chilolezo cha nyimbo zake ndipo mu 1977 idatulutsa chimbale chosonkhanitsa nyimbo zake chotchedwa At His Best. Okonza maphwando a zoimbaimba kumeneko adamufufuza, n'kumupeza. Adakaimba m'dzikolo mu 1979, n'kubwereranso mu 1981 pomwe adaimba pa nsanja imodzi ndi gulu la Midnight Oil.

Izi zikusonyeza kuti munthuyu sadali wobisika kwa aliyense wofunitsitsa kumupeza. Kusiyana kwake n'kwakuti South Africa idali yosalidwa ndi mayiko ena kaamba ka tsankho, oimba ambiri akunja ankakana kukaimbako, ndipo nkhani zinkalowa ndi kutuluka movutikira. Makampani ogulitsa zimbale zake kumeneko analibenso chowakakamiza kumufufuza, poti malonda ankayenda bwinobwino popanda iye. Filimu ya Searching for Sugar Man idadzudzulidwa ndi ena chifukwa chosatchula za ku Australia.

Momwe adapezekera

Omwe adamufufuza adali anthu wamba okonda nyimbo zake. Mu 1996 chimbale chake chachiwiri chidatulutsidwa pa CD ku South Africa, ndipo Stephen Segerman, yemwe pambuyo pake adakhala mmodzi mwa eni sitolo ya zimbale ya Mabu Vinyl ku Cape Town, adalemba nawo mawu a pachikuto ofunsa ngati alipo yemwe angafufuze za woimbayu. Mtolankhani Craig Bartholomew Strydom adaitenga ntchitoyo.

Strydom adayamba ndi kulondola ndalama, kufunsa makampani komwe ankatumiza malipiro, koma njirayo idakathera pakhoma. Chomwe chidamuthandiza ndi dzina la Dearborn, tauni yoyandikana ndi Detroit, lomwe limatchulidwa mu imodzi mwa nyimbo za mu Cold Fact. Mu 1997 adalankhula pa foni ndi Mike Theodore, yemwe adamuuza kuti Rodriguez ali moyo. Chaka chomwecho mwana wamkazi wa woimbayo, Eva, adapeza tsamba la pa intaneti lomwe Segerman adakhazikitsa pofufuza bambo ake, ndipo adalembapo uthenga.

Mu Malichi 1998 Rodriguez adakaimba ku South Africa, kuyambira ku Bellville Velodrome mumzinda wa Cape Town, pamaso pa anthu zikwizikwi omwe ambiri adakula akukhulupirira kuti adamwalira. Adali ndi zaka 55.

Kwawo ku America zidatengabe nthawi. Mu 2001 woimba wa rap Nas adagwiritsa ntchito kachigawo ka Sugar Man mu nyimbo yake ina. Mu 2008 kampani ya Light in the Attic idatulutsanso Cold Fact. Kenaka mu 2012 kudabwera filimu ija, yokonzedwa ndi Malik Bendjelloul wa ku Sweden, yomwe idapata mphotho ya Oscar mu Febuluwale 2013. Apa m'pomwe Cold Fact idalowa koyamba pa mndandanda wa Billboard 200 wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, patatha zaka zoposa 40 chitulukireni. Rodriguez, ali ndi zaka za m'ma 70 ndipo maso atayamba kufooka, adayamba kuitanidwa kumaphwando akuluakulu monga Coachella ndi Glastonbury. Ndalama zooneka zomwe adapeza pa nyimbo zake zidabwera m'zaka zomalizazi, ndipo adapitiriza kukhala m'nyumba yake yakale ija ku Detroit.

Zomwe zasintha ndi zomwe sizidasinthe

Lero n'kovuta kuti woimba atchuke dziko lina iye osadziwa. Yemwe waika nyimbo pa YouTube kapena Spotify amatha kuona pa foni yake mayiko ndi mizinda komwe anthu akumumvera. Chipata cha wailesi sichilinso chokhacho, ndipo nyimbo sibwezedwanso kuchoka pa shelefu chifukwa chosagulidwa mwezi woyamba.

Koma njira ya ndalama idakali yomweyo. Makampani a pa intaneti salipira woimba chifukwa chakuti mawu ndi ake. Amalipira yemwe adalembetsa nyimboyo ngati mwini, kudzera mwa kampani yomwe idaiika pa intanetipo. Woimba yemwe adajambula mu situdiyo ya mnzake popanda kulemberana, kapena adalola wina kumuikira nyimbo pa akaunti yomwe si yake, kapena sadalembetse nyimbo zake ku bungwe lotolera ndalama za opeka, ali pamalo omwe Rodriguez adali mu 1970. Mafunso oyenera kufunsa asanasaine pepala lililonse ndi omwe aja: mwini chojambulidwachi ndani, pa nyimboyi palembedwa dzina la yani, ikagulitsidwa kunja lipoti lidzachokera kwa yani, ndipo kampaniyi ikadzagwa nyimbo zidzakhala m'manja mwa yani?

Clarence Avant adapitiriza kukhala mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri pa malonda a nyimbo ku America. Adakhazikitsa kampani ina ya Tabu Records, adakhalapo wapampando wa Motown, ndipo mu 2021 adalemekezedwa ndi Rock and Roll Hall of Fame. Ndi iyenso yemwe adakhulupirira luso la Rodriguez mpaka kulipira zimbale ziwiri pomwe makampani ena sankamudziwa n'komwe.

Rodriguez adamwalira pa 8 Ogasiti 2023 ku Detroit ali ndi zaka 81. Avant adamwalira patangotha masiku asanu, pa 13 Ogasiti, ali ndi zaka 92.